Piriyodi ya nyimbo: tiziyimba kapena tizingokopera za pa bolodi?

Madamu_Std4
Moni aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse muli pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere teremu yonse ino. Ndimaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ina yakumudzi m'boma la Dedza, ana 118 m'kalasi imodzi. Pa ndandanda wathu pali Expressive Arts, ndipo m'kati mwake muli nyimbo ndi magule. Koma ikafika nthawi yake ndimangolemba pa bolodi kuti zida zoyimbira zilipo zomenya, zouzira ndi zansambo, ana n'kukopera, belu n'kulira, basi tatha. Sabata yatha kamtsikana kena kofatsa, komwe sikayankhula kawirikawiri m'kalasi, kanandifunsa kuti, "Madamu, nanga tidzayimba liti?" Ndinasowa choyankha. Ine solfa (zija za do, re, mi) sindiidziwa, mawu anga si a kwaya, ndipo pa sukulu pathu palibe ngakhale ng'oma imodzi. Anzanga mumatani?

Chikwanje77
Madamu musadzivutitse. Mwana akalephera masamu makolo amabwera kudzakufunsani, koma sindinaonepo kholo lobwera kudzadandaula kuti mwana wake sadziwa kuyimba. Nthawi imeneyo aphunzitseni kuwerenga.

NaBanda_waKwaya
A Chikwanje, Madamu afunsa m'mene angaphunzitsire. Sanafunse ngati asiye.

Chikwanje77
Ndikunena zomwe zilipo, mayi. Ndaphunzitsa Sitandade 8 zaka 11. Pa mayeso a PSLCE, omaliza pulayimale, nyimbo zimalowa m'pepala la Arts and Life Skills, ndipo ndi pepala lolemba. Palibe mwana amene amaimirira n'kuyimba kuti apatsidwe malikisi. Amene waloweza kuti kaligo ali ndi nsambo imodzi wakhoza, ngakhale kaligoyo sanamuonepo ndi maso. Malo kusekondale ndi ochepa. Mukufuna kuti ndisankhe chiyani?

Gogo_Wopuma
Ana anga, ndiloleni ndilowererepo monga munthu amene anagwira choko kuyambira m'ma 1970. Nthawi yathu Music inali phunziro palokha, ndi piriyodi yakeyake. Zojambula zinali padera, kusoka padera, masewera olimbitsa thupi padera. Sindikunena kuti zonse zinali bwino, ayi. Nyimbo zambiri zomwe tinkaphunzitsa zinali zokonzekera misonkhano ya ndale, ndipo ana ankataya masiku ambiri akuyeserera magule oti akavine pamaso pa akuluakulu. Komabe mwana ankatuluka pulayimale akudziwa kuyimba ndi anzake mogwirizana.

Zinthu ziwiri zinasintha nkhaniyi. Choyamba ndi 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Chinali chinthu chabwino kwambiri, koma ana anachoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo ambiri amene analembedwa ntchito mwachangu kuti aphunzitse anali asanapite ku koleji. Chachiwiri ndi 2007, pamene silabasi yatsopano ya PCAR inayamba kulowa m'sukulu n'kuphatikiza nyimbo, magule, zisudzo, zojambula, zosoka ndi masewera m'thumba limodzi lotchedwa Expressive Arts. Maganizo ake ndi omveka, chifukwa kumudzi kwathu kuyimba, kuvina ndi kusewera sizisiyana. Vuto ndi loti mphunzitsi amatola m'thumbamo chomwe akuchidziwa. Wokonda mpira atulutsa ana kubwalo, wodziwa kusoka asoketsa, nyimbo n'kutsalira pansi pa thumba.

A Chikwanje sakunama za mayeso. Koma Madamu ali Sitandade 4. Mayesowo ali kutali zaka zinayi.

Madamu_Std4
Zikomo agogo. Ndiye ine thumbalo ndimangoliwerenga pamwamba, osalitsegula n'komwe.

NaBanda_waKwaya
Madamu, ndimatsogolera kwaya ya ana kumpingo kwathu ndipo ndinaphunzitsapo Sitandade 2 ndi 3. Choyamba chotsani mantha a solfa. Ana anuwo amayimba kale. Akamasewera madzulo, akamalumpha chingwe, akamamvera nthano, akakhala kumaliro kapena kuukwati, nyimbo zili pakamwa. Ntchito yanu si kuthira nyimbo m'mutu mopanda kanthu, koma kukonza zomwe abwera nazo.

Yambani chonchi. Funsani kuti ndani akudziwa nthano yokhala ndi nyimbo. Wina ayambe "Padangokhala", onse "Tili tonse", ikafika pa nyimbo iye atsogolere, kalasi ivomere. Ana 118 si vuto pa nyimbo yotsogolera ndi kuvomera, ndiwo mwayi wanu. Agaweni mizere: mzere uwu uziomba m'manja mofanana ngati munthu akuyenda, mzere uwo uziomba kutsata mawu a nyimboyo. Akazindikira kuti kuomba kuwiriku n'kosiyana koma kukuyendera limodzi, mwaphunzitsa chinthu chachikulu kuposa tsamba lonse la zokopera.

Zolakwika ziwiri zomwe ndimaziona kwambiri ndi izi. Mphunzitsi amayamba nyimbo pa mawu ake a munthu wamkulu, makamaka abambo, ana n'kumavutika kutsikira pansi mpaka kumangong'ung'udza. Mawu a mwana ali m'mwamba. Muuzeni mwana mmodzi woyimba bwino kuti ayambe ndiye, inu mutsatire. China ndi chija timati "Sindikumva! Kwezani!" Ana amayamba kukuwa, mitsempha ya pakhosi ili tototo, ndipo wokuwa samva mnzake. Ine ndimawauza kuti, "Yimba moti uzimumva amene wakhala naye pafupi." Kalasi imasintha nthawi yomweyo.

Solfa idzabwera pambuyo. Do, re, mi ndi mayina chabe a zinthu zomwe khutu liyenera kuyamba lazidziwa.

Mwana_waTTC
Mayi NaBanda, zimenezi ndazikopera m'kope. Ndili chaka choyamba cha IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale. Ku koleji kwathu Expressive Arts timaphunzira ndithu, koma gawo la nyimbo tinathamanga nalo, ndipo kiyibodi yomwe ilipo sitinaigwirepo chifukwa ndife ambiri. Ndinali ndi nkhawa kuti ndikapita ku teaching practice, kokayeserera kuphunzitsa, ndikayamba pati.

BamboAChisomo
Ine ndine kholo, si mphunzitsi. Ndilibe vuto ndi kuyimba. Koma chaka chatha mwana wanga anabwera kunyumba akuyimba nyimbo zomwe ine ndikudziwa kuti ndi za kudambwe, akuti aphunzira kusukulu. Ife ndife banja lopemphera. Kodi mphunzitsi ali ndi ufulu wophunzitsa mwana wanga zimenezo osandifunsa?

Mbalule_waKasiya
Achimwene, gule wamkulu ndi chikhalidwe chathu Achewa. UNESCO inamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi vimbuza. Dziko lonse lapansi likumulemekeza, ife eni ake n'kumachita naye manyazi?

BamboAChisomo
Sindinanyoze chikhalidwe cha munthu. Ndafunsa za mwana wanga.

Mbalule_waKasiya
Chabwino, ndiyankhe mofatsa. Ine ndine wolowa, ndipo ndikuuzeni kuti ngakhale ife sitisangalala mphunzitsi akamatenga za kudambwe n'kumaseweretsa ana pabwalo la sukulu. Zili ndi eni ake, nthawi yake ndi malo ake. Pamenepa ine ndi inu tagwirizana, ngakhale pa zifukwa zosiyana. Koma kuti mwana adziwe kuti gule wamkulu ndi wa Achewa, amavinidwa pamaliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, ndiponso kuti ng'oma zake zili ndi mayina monga mpanje ndi mbalule, chimenecho si chinsinsi ndipo sichimulowetsa mwana kulikonse. Chomwe ndimakana ndi chija ena amati ng'oma iliyonse ndi ya ziwanda. M'matchalitchi ambiri lero ng'oma zikulira.

Gogo_Wopuma
Magule oti ana avine popanda wokhumudwa ndi ambirimbiri. Ku Dedza komweko kuli chimtali, kuli ngoma ya Angoni. Kunyanja kuli malipenga ndi chioda, ku Mangochi beni, kwa Alhomwe tchopa. Nzeru ndi yoti mphunzitsi ayambe wakambirana ndi komiti ya sukulu ndi mafumu. Ine ndinaphunzitsapo dera lomwe Asilamu ndi Akhristu anali pafupifupi ofanana kuchuluka. Tinagwirizana kuti m'kalasi tiziyimba za nthano, za masewera, za ntchito ndi nyimbo ya fuko, za chipembedzo aliyense kwawo. Panalibe mkangano.

BamboAChisomo
Zikanakhala choncho sindikanadandaula, agogo. Bola kutiuza.

Chikwanje77
Zonsezi n'zabwino, koma ng'omayo agula ndani? Chikopa cha mbuzi chokha masiku ano si masewera, wosema naye afuna zake. Ndalama ya SIG, yotukulira sukulu ija, ikabwera timayamba taganiza za choko, zimbudzi ndi zitseko zothyoka.

Aphiri_aKuNsanje
Inu mukunena ng'oma, ife kuno denga la Sitandade 3 linapita ndi mphepo, ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Mvula ikangoyamba timawabalalitsa.

Mai_aMapasa
Kwathu vuto ndi phala. Likachedwa kupsa, piriyodi yachitatu yonse imathera pa mzere. Ndipo ikadyedwa piriyodi, yomwe amaidula ndi ya Expressive Arts yomweyo. Mwana wanjala sayimba.

Chikwanje77
Nanga mphunzitsi wanjala? Pofika pa 15 malipiro atha kale, wina n'kumati ndigule mawaya a bangwe.

Aphiri_aKuNsanje
Apo ndiye musayambe, a Chikwanje, tikhala pano mpaka mawa. Ine ndili giredi imodzimodzi chilembedwere.

NaBanda_waKwaya
Abale, nkhani ya malipiro ndi yoona ndipo imatipweteka tonse, koma ili ndi malo ake. Tibwerere kwa Madamu ndi ana awo 118.

Aphiri_aKuNsanje
Pepani mayi, tabwerera. Ndipo pa za zidazi ndili ndi umboni. Ku koleji tonse tinaphunzira TALULAR, kugwiritsa ntchito zomwe zili pafupi, koma timaikumbukira pokhapokha a PEA, alangizi oyendera sukulu, akamabwera. Ine ana anga anatola zitsekerero za mabotolo, tinaziphwanya ndi mwala, kuboola ndi msomali, kuzitunga pa waya, maseche atheka. Zigubu zakale za mafuta ophikira ndizo ng'oma zathu, chachikulu mawu aakulu, chaching'ono mawu aang'ono. Mabotolo agalasi tinathiramo madzi mosiyanasiyana, ana n'kumagogoda ndi kamtengo mpaka atapeza okha kuti lodzaza limalira pansi, lopanda madzi limalira m'mwamba. Imeneyo ndi sayansi yomwe, a Chikwanje.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi ichi. M'mudzi woyandikana ndi sukulu muli mdala wina woyimba ulimba, uja wa zikho kunsi. Ndinapita kukamupempha, nkhuku m'manja. Anabwera ndi adzukulu ake awiri atasenza ulimbawo. Tsiku limenelo ngakhale ana ojomba anabwera, ena anachita kukwera m'mawindo. Anawaonetsa m'mene amasemera thabwa kuti mawu atsike kapena akwere, ndi chifukwa chake chikho chachikulu chimakhala pansi pa thabwa la mawu aakulu. Pomaliza mdalayo anagwetsa misozi, akuti ankaganiza kuti sukulu imaona zinthu zake ngati zachikale zopanda ntchito. Panopa anyamata atatu amapita kwawo Loweruka kukaphunzira.

Madamu_Std4
A Phiri, mwandikumbutsa. Pali agogo ena aakazi amene amaphika nawo phala pa sukulu pathu, ndiwo amatsogolera nyimbo pa chimtali m'mudzimo. Tsiku lililonse ndimawapatsa moni, koma sindinaganizepo zowapempha.

WakuJoni_Mzimba
Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg. Mwana wanga ali pa sukulu ya boma kuno, ndipo makwaya a sukulu amapikisana kuyambira m'dera mpaka dziko lonse. Ana amayeserera ndi mtima wonse chifukwa akudziwa kuti kuli kopita. Kwathu kuli kale ma zone, magulu a sukulu zoyandikana, ndi ma TDC, malo omwe aphunzitsi amakumanirako. Chingalephereke n'chiyani kuti sukulu za zone imodzi zizikumana kamodzi pa chaka, monga zimachitira pa mpira? Chimandiwawa n'choti mwana wanga amayimba za Chizulu bwinobwino, koma ya kwathu sadziwa ngakhale imodzi. Ndi mlandu wanga womwe, ndikuvomera.

Chikwanje77
Mpikisano ndiye ndingaugwirizane nawo. Ahedi amamva msanga pakakhala chikho.

NaBanda_waKwaya
Mpikisano uli ndi ubwino wake, koma samalani. Pakakhala chikho, mphunzitsi amasankha ana 30 a mawu okoma, otsalawo n'kuwauza kuti akasese. Kwaya ya sukulu ndi ina, phunziro la nyimbo ndi lina. Phunziro ndi la mwana aliyense.

Chete_Chete
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa mayi NaBanda mwandikhudza. Ndili Sitandade 3 tinkakonzekera kuyimba pa tsiku lotsekera sukulu. Aphunzitsi anadutsa m'mizere akutchera khutu, atafika pa ine anaima n'kunena kuti, "Iwe mawu ako ndi a chule, uzingotsegula pakamwa osatulutsa mawu." Kalasi yonse inaseka. Lero ndili ndi zaka 41, ana anayi, koma sindiyimba ngakhale m'tchalitchi. Ngakhale nyimbo ya fuko ndimangoyendetsa milomo. Aphunzitsiwo mwina anaiwala tsiku lomwelo. Chonde aphunzitsi, mwana amene akuphonya musamutontholetse.

Gogo_Wopuma
Pepani kwambiri mwanawe. Ndikuwerenga mawu anuwa mtima wanga wandiweruza, chifukwa nanenso m'zaka zanga zoyamba ndinanenapo zofanana ndi zimenezo kwa ana. Tinkaganiza kuti kuyimba ndi mphatso yobadwa nayo basi. Ndinadzaphunzira mochedwa kuti ana ambiri ophonya amakhala kuti sanaphunzire kumvetsera, kapena nyimbo yayambidwa pomwe mawu awo safika. Ukamukhazika pakati pa awiri oyimba bwino, miyezi ingapo amalowa mumzere. Anyamata a Sitandade 7 ndi 8 amene mawu akusintha nawonso amafunika kuwateteza kwa anzawo oseka.

NaBanda_waKwaya
A Chete, bwerani ku kwaya iliyonse yomwe ili pafupi nanu, mukakhale kumbuyo. Sizinachedwe.

Sir_Resource
Ndiwonjezere za ana omwe ndimagwira nawo ntchito, a zosowa zapadera. Ndinali ndi mnyamata wachibwibwi kwambiri moti kutchula dzina lake lokha inali nkhondo. Koma akayamba kuyimba, chibwibwi chonse chimatha. Izi zimachitika kwa achibwibwi ambiri. Tinamupatsa kuti azitsogolera nyimbo pa asembule, ndipo anzake anayamba kumuona mwa mtundu wina. Ana osamva nawonso musawasiye panja. Aikeni dzanja pa ng'oma kapena pa chigubu, amamva kunjenjemera kwake ndipo amavina molondola poona mapazi a anzawo.

A Chikwanje, mwati nthawiyo iphunzitsidwe kuwerenga. Taonani m'mene Sitandade 1 amaphunzirira maliwu a malembo mu National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, kapena m'mene pulogalamu ya Tikwere inkachitira pa wailesi. Nyimbo paliponse. Mwana amene amatha kuomba m'manja kutsata nyimbo savutika kugawa mawu m'maphatikizo. Chichewa chomwechi ndi chiyankhulo cha kukweza ndi kutsitsa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi khutu, zilembo ndi zomwezo.

Chikwanje77
Pa Sitandade 1 mpaka 4 ndavomera. Koma Sitandade 8 teremu yachiwiri musandiuze zoyimba. Kumeneko ndi mapepala akale basi.

Mbalule_waKasiya
Ngakhale mphindi zisanu asanayambe mapepalawo, achimwene? Ana amakhala atatopa kuyambira 6 koloko m'mawa.

Chikwanje77
Mphindi zisanu ndingayese. Osapitirira.

Mwana_waTTC
Funso langa ndi la malikisi. Pa continuous assessment, kuyesa ana pafupipafupi teremu ili mkati, nyimbo timayesa bwanji ana oposa 100? Mmodzimmodzi sizingatheke.

NaBanda_waKwaya
M'magulu a ana khumi. Gulu lililonse likonze kanyimbo kamodzi ndi kuomba kwake. Iwe uli ndi kope, ukuyang'ana zinthu zitatu zokha: akuyambira limodzi, akusunga kugunda osathamanga, ndipo aliyense akutenga mbali. Magulu atatu pa piriyodi, sabata ziwiri wamaliza. Usayese kukoma kwa mawu.

Gogo_Wopuma
Ndipo musaiwale nyimbo ya fuko. Anaipeka ndi Michael Sauka, ndipo takhala tikuiyimba kuyambira 1964. Ili ndi ndime zitatu, koma sukulu zambiri zimathera pa yoyamba, nayonso mothamanga, mawu ena akumezedwa. Kuwaphunzitsa ana kuti aiyimbe bwino, akudziwa tanthauzo la liwu lililonse, ndi phunziro lokwanira sabata yathunthu, ndipo silifuna chida chilichonse.

Madamu_Std4
Ndabweranso abale, patha masiku asanu ndi anayi. Ndinapita kwa ahedi, anavomera, ndipo anatchula nkhaniyi kwa wapampando wa komiti monga ananenera a Gogo_Wopuma. Lachiwiri tinayamba ndi nthano. Poyamba ana ankangoyang'anana, osakhulupirira kuti ndikunenadi zoona. Kenako mnyamata wina wovuta kwambiri m'kalasi mwanga ndiye anaimirira, ndipo nthano yake inali ndi nyimbo yomwe theka la kalasi linkaidziwa kale. Za kuomba m'manja kuwiri zija zinasokonekera kawiri, kachitatu zinagwira, ana okha anakuwa ndi chimwemwe.

Lachinayi anabwera agogo a phala aja. Anavula epuloni, kumanga chitenje bwino, n'kuwaika ana m'bwalo. Anakana zigubu zathu, akuti ayambe adziwa mapazi ndi manja. Kamtsikana kaja kanafunsa kuti tidzayimba liti, agogowo anakatenga n'kukaika pakati kuti katsogolere, ndipo mawu ake ndi akuthwa moti aphunzitsi a Sitandade 6 anatuluka kudzaona.

Vuto lomwe labuka ndi phokoso. Makalasi athu alibe siling'i, ndiye a Sitandade 5 adandaula kuti sakumvana. Komanso ana asanu sanalowe m'bwalo, akuti kwawo anawaletsa kuvina. Sindinawakakamize, ndinawapatsa maseche kuti aziyimbira ali pambali, koma awiri anakana ngakhale zimenezo.

BamboAChisomo
Awiriwo pitani mukacheze ndi makolo awo, Madamu, musatume kalata. Mukawafotokozere zomwe mukuyimba, ngati n'kotheka muwaitane adzaonere. Ine akanandiitana ndikanabwera.

Aphiri_aKuNsanje
Za phokosozo, tulukani panja. Ife a pansi pa mtengo sitinadandaulidwepo ndi munthu. Kapena gwirizanani ndi a Sitandade 5 kuti piriyodi yanu ya Expressive Arts izigwera nthawi imodzi ndi yawo.

Madamu_Std4
Ndikayankhula nawo mawa pa buleki. Mayi NaBanda, ana ayamba kufunsa za mawu awiri, ena pamwamba ena pansi, monga amamvera kutchalitchi. Ndiyambe pano kapena ndidikire?

NaBanda_waKwaya
Dikirani kaye mpaka onse aziyimba liwu limodzi mosaphonya, mwina teremu ikubwerayi. Koma mukamva ena ayamba okha kulowetsa liwu lachiwiri povomera, asiyeni, musawaletse. Mundijambulire pa foni Lachinayi likubwerali, ndimve pomwe afika.